Maukwati a m'Siling'i

Mu Lusaka yense, kuyambira ku George mpaka ku Mtendere, munalibe munthu wosunga mawu ake ngati Whyson Sakala, ndipo amene akufuna kutsutsa ayambe wamva nkhani ya chikwangwani chake. Chinali pamwamba pa chitseko cha shopu yake ku Kanyama, zilembo zofiira zazitali ngati mkono wa munthu: ZIMENE TAJAMBULA SIZIFA. ZIKATAYIKA, NDALAMA ZANU ZIBWERERA. Ena amalemba zoterezi pofuna kukopa makasitomala. Whyson analemba chifukwa ankazikhulupirira, ndipo ukamufunsa za chikwangwanicho unkayenera kupezeratu pokhala, pakuti yankho lake linkayambira ku Dubai.

Munthuyu anayamba ndi kugulitsa makaseti pa katoni ku msika wa Soweto, atavala nsapato za tayala. Kuchoka apo anakwera basi ya ku Nakonde atakhalira matumba a anyezi, nakafika ku Dar es Salaam. Anaponda ku Joni, anaponda ku Dubai, anaponda ku China komwe anadya zinthu zimene mpaka lero sadziwa mayina ake, ndipo pobwerako anali ndi kamera paphewa ndi mimba yoyamba kutsogola. Ku Dubai ndi kumene anaona mwini sitolo akubwezera munthu ndalama chifukwa cha wailesi yosalira, popanda kukangana, popanda kuitana achibale. Whyson anati mumtima mwake: izi ndikazichita ku Kanyama.

Anajambula maukwati, makichini pate olangizira akwati, maubatizo, maliro ndi kutsegula ziliza. Wolipira ankalandira chimbale cha DVD, koma chimene Whyson ankanyadira chinali china. Vidiyo iliyonse ankaisunga pa hadi dilaivi, kabokosi kachitsulo kolemera ngati sopo wa mtanda, momwe muli timbale tozungulira tosunga zithunzi ndi mawu. Ndipo sankasunga pa hadi imodzi ayi. Ankasunga pa ziwiri, monga anamvera ku Joni kuti ndi mmene amachitira anthu odziwa zinthu.

Chaka china mvula ya Febuluwale inalowa mu shopu mpaka m'mawondo. Kanyama anamangidwa pathanthwe, madzi akagwa alibe kolowera, amangoyendayenda m'nyumba za anthu ngati alendo osatsanzika. Whyson anapulumutsa mahadi ake atawasenza pamutu m'beseni. Sabata yomweyo, makoma akadali onyowa, zovala zikuchita nguwi m'sutikesi, anakulunga hadi iliyonse m'mapulasitiki awiri, kumanga kolimba kuti ngakhale mpweya usalowe. Anaziika zonse m'thiranki yachitsulo, nakweza thirankiyo m'siling'i, pansi penipeni pa malata.

Ankauza aliyense kuti madzi akadzafika mmenemo ndiye kuti Lusaka yense wamira, ndiponso kuti wakuba wa ku Kanyama amafufuza pansi pa bedi, osati kudenga. Kenaka kunabwera mafoni a kamera, anthu anayamba kufuna mavidiyo awo pa fulashi ndi pa WhatsApp, ndipo thiranki ija inakhala mmwambamo zaka ndi zaka osaitsegula. Whyson akamasimba za iyo ankaloza kudenga ndi kiyi wa galimoto, ngati munthu woloza kumwamba komwe kuli chuma chake.

Mayi Mainess Mwanza anafika mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, malata akulira okha ndi kutentha. Anali mayi wogulitsa kapenta pa msika wa Chawama, wowonda, wa maso osaphethira msanga. Anabwera ndi mwana wake Taonga, mtsikana wamtali amene ukwati wake unali mwezi wotsatira. Whyson anawapatsa mipando, anatuma zakumwa zozizira, ndipo asanamve chimene abwerera anali atawaonetsa kale pa kompyuta chithunzi chake ataima pafupi ndi ngamila.

Mainess anadikira ngamila idutse, kenaka anafotokoza. Whyson ndiye anajambula ukwati wake ndi malemu Dingani ku tchalitchi cha ku Chawama, pamene Taonga anali kamwana koyenda kale. Chaka chotsatira Dingani anamwalira. Maliro atangotha, mkulu wake wa malemuyo, Chrispin wa ku Matero, anabwera ndi lole natenga mipando, firiji, TV ndi makina oonetsera DVD, chimbale cha ukwati chili momwemo. Zithunzi zapapepala zinapita ndi madzi a mvula. Tsopano Chrispin yemweyo ndi amene adzaima pamalo pa bambo, adzalowetsa Taonga mu holo, adzalankhula pa maikolofoni ngati munthu amene analera.

"Sinikana, aime," anatero Mainess m'chinyanja cha m'tauni. "Koma akakhala pansi, nifuna atate ake enieni aoneke pa chipupa. Pa ukwati wathu anamunyamula uyu, anavina naye, anakamba mawu. Anthu amve. Na uyu amve, chifukwa mawu a atate ake sawaziba."

Taonga ankangoyang'ana botolo lake.

Whyson anaimirira, mtima wake ukuvina. Ili ndilo tsiku limene chikwangwani chija chinalembedwera. Anawauza kuti ojambula ena onse a mu Lusaka akanawayankha kuti pepani, koma iwo abwera kwa munthu amene anaona dziko. Anati Dingani ali mmwambamu, wavala suti yake, akungodikira kuitanidwa. Anatenga makwerero nakwera yekha iwo akuona.

Atalowetsa mutu m'siling'i, mpweya unamumenya kumaso ngati watsegula uvuni ya buledi. Anagwira thiranki, nachotsa dzanja msanga. Chitsulo chinali choti ungakazingirepo dzira. Anaitsitsa atakulunga manja m'thaulo, akuseka, akunena kuti kutentha kwa ku Dubai kumaposa apa. Koma atamasula pulasitiki yoyamba, kunatuluka fungo la m'chitsime chakale. Mkati mwa pulasitiki munali madontho ouma, ndipo polowetsa waya panali zobiriwira ngati za pa ndalama yachitsulo yokhalitsa m'dothi. Mapepala amene anamata pa mahadi anali atafufuma, inki itayenderera. Anapeza ziwiri za chaka chimenecho poyerekeza zilembo zotsala.

Yoyamba atailumikiza inazungulira, kenaka inayamba kulira: tiki, tiki, tiki, ngati munthu wogogoda pa nyumba yopanda anthu. Pa kompyuta sipanaoneke kanthu. Yachiwiri sinalire n'komwe.

Whyson anati zimenezi n'zazing'ono, makina akagona nthawi yaitali amadzuka mwaulesi ngati munthu. Anawauza kuti apite akakonzekere zina, iye adzabwera nayo yekha vidiyoyo ku Chawama, ndi pulojekita yomwe, yaulere. Mainess anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayang'ana chikwangwani potuluka.

Ku Kariakoo, ku Dar es Salaam, Whyson anamvapo kuti hadi yodwala imachira ikazizidwa. Choncho anatenga yogogoda ija, imene inali ndi kamoyo, naipereka kwa mwini butchala yoyandikana naye kuti aiike m'firiji pakati pa nyama. Masiku amenewo malaiti ankazima nthawi yaitali kuposa imene ankayaka. Atapita kukaitenga mawa lake, firiji inali itasungunuka, ndipo hadi ija inali itagona m'madzi ofiira pamodzi ndi mapazi a ng'ombe. Anaipukuta, anaiyanika padzuwa pa boneti ya galimoto, nailumikizanso. Inagogoda kawiri, inalira ngati mpeni pa mwala, n'kukhala chete.

Apa m'pamene anavala jekete yake ya ku China napita m'tauni kwa Nkandu. Uyu anali mayi wachitsikana amene anaphunzira za makompyuta ku koleji, ndipo anali ndi kaofesi pamwamba pa sitolo ya nsalu, komwe mabanki ang'onoang'ono ndi maloya ankapititsa makina awo akafa. Whyson sankamukonda, chifukwa sankaseka nkhani zake za ku Dubai. Nkandu ananunkhiza hadi yoyamba, nafunsa ngati ba Sakala ayamba kugulitsa soseji. Kenaka anafunsa kumene ankazisunga.

Whyson anayankha monyada: m'siling'i, m'thiranki, m'mapulasitiki awiriawiri, kutali ndi madzi.

Nkandu anavula magalasi. Anamuuza kuti madziwo anawatsekera yekha mkati. Mpweya wa Febuluwale umene anamangira m'mapulasitiki unali wodzaza chinyontho, ndipo unalibe potulukira. Masana malata akatentha, chinyonthocho chinkasanduka nthunzi. Kukazizira, makamaka mu Juni, chinkagwa ngati mame pa chitsulo ndi pa mawaya. Tsiku ndi tsiku, chaka ndi chaka. Kutentha kunaumitsanso mafuta a pa kamota kozungulitsa timbale, ndipo hadi ikakhala zaka osaizungulitsa imagwirana yokha. Ngakhale yosungidwa bwino imakalamba, anatero, n'chifukwa chake zinthu zofunika amazisamutsira pa yatsopano pakapita zaka zingapo, ndipo makope awiri saikidwa m'bokosi limodzi. Za firiji sananene zambiri. Anangoti imeneyo mwina ikanapereka kanthu ikanabwera tsiku loyamba.

Anazitsegula zonse ziwiri m'kabokosi kake kagalasi kopanda fumbi, namuitana kuti aone. Pa kambale ka yoyamba panali mzere wozungulira, pamene kasingano kowerengera kanapala n'kuchotsa khungu lonse. Fumbi lonyezimira limene linali m'mbali, anatero Nkandu, ndiwo ukwatiwo. Yachiwiri inali ndi mawanga ngati nthochi yakupsa, kasingano katamatirira pa kambale. Whyson anafunsa za ku Joni, anati ali ndi anthu ake kumeneko, ndalama si vuto. Nkandu anati angatumize ngakhale ku Dubai kwakeko, koma palibe munthu amawerenga tsamba limene lapsa.

Anabwerera ku Kanyama natseka shopu masana. Anayesa mahadi onse a m'thiranki, imodzi imodzi. Ina inkagogoda, ina inkalira ngati udzudzu, zambiri zinali zii. Maukwati a Kanyama, a Chawama, a Garden, maliro a anthu amene ana awo tsopano ndi akuluakulu, zonse zinali mulu wa zitsulo pa tebulo. Pa kompyuta yake, imene inali itayaka pambali, zithunzi zinkasinthana zokha monga mwa masiku onse: Whyson ndi ngamila, Whyson pa doko la Dar es Salaam, Whyson atagwira timitengo todyera ku China. Zimenezi zinali zakale kuposa ukwati wa Mainess, koma zinali zowala ngati zadzulo, chifukwa nthawi iliyonse akagula kompyuta yatsopano ankayamba kusamutsa zimenezi. Anazimitsa kompyutayo.

Kunatsala khomo limodzi, ndipo analigogoda. Anapeza Chrispin ku Matero atakhala pa khonde, akuyang'anira anyamata otsuka minibasi zake ziwiri. Whyson anafunsa za chimbale chija mwaulemu wonse umene anali nawo. Chrispin anaseka mpaka kutsokomola. Anati makina aja anagulitsa kalekale kwa munthu wa bala ku Garden, ndipo sanatsegule kuti aone zimene zinali mkati, pakuti iye sanali kufuna mafilimu, anali kufuna ndalama zimene anawononga pa maliro.

"Koma imwe si ndimwe ba sizifa?" anafunsa akupukuta misozi ya kuseka. "Mulamu wanga anauza mpingo wonse kuti mufana wanga azabwera pa chipupa kunichititsa nsoni. Manje mwamutaya? Osadandaula, mudala. Pa ukwati mukanijambule ine, mbali iyi ya kumanja, ndiye yabwino."

Bala ya ku Garden ija Whyson anaipeza itasanduka tchalitchi, ndipo mwini wake wakale anali atamwalira.

Masiku angapo anayendayenda ndi bodza m'kamwa, akulilawa. Akanatha kunena kuti mphenzi inaomba, kapena kuti malaiti anabwera ndi mphamvu n'kuwotcha zonse. Anthu a mu Lusaka bodza la malaiti amalilandira msanga, chifukwa aliyense anaferedwapo firiji. Koma mphenzi siinali pa chikwangwani. Loweruka masana anakwera galimoto napita ku Chawama, wopanda pulojekita.

Pabwalo pa Mainess panali phokoso. Atsikana ndi anyamata operekeza akwati ankaphunzira masitepe a gule wolowera mu holo, sipika ikulira, fumbi likukwera. Pa chingwe panali nsalu ya pabedi yoyera, yatsopano, yochapidwa ndi kusitidwa, mizere ya m'sitolo itachoka. Whyson anaiona ndipo anadziwa ntchito yake: inali yodzapachika pa chipupa cha holo poonetsa vidiyo ija. Mainess anamuyang'ana m'manja asanamuyang'ane kumaso. Anauza ana kuti achepetse sipika, natulutsa mpando umodzi. Iye ndi Taonga anakhala pa mphasa.

Whyson anafotokoza zonse: siling'i, mapulasitiki, firiji ya butchala, fumbi lonyezimira. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anasimba nkhani yopanda Dubai. Mainess sanamudule. Atamaliza, ovina anali akupitirizabe kuwerenga masitepe chapansipansi.

Amene anayamba kulankhula anali Taonga. Anati popeza ba Sakala ndi amene anagwira kamera, anali pafupi kuposa aliyense, ndiye kuti anamva. Anafunsa kuti mawu a atate ake anali otani, ndipo anati chiyani atamunyamula.

Whyson anafufuza m'mutu mwake. Anapezamo maholo mazanamazana, makeke, madiresi oyera, amuna a masuti otuwa onse ofanana nkhope. Za tsiku limenelo ankakumbukira chinthu chimodzi chokha, kuti batire inatsala pang'ono kutha ndipo anatukwana mumtima. Koma mtsikanayo ankamuyang'ana, ndipo pakamwa pa Whyson panali pasanakhalepo chete pamaso pa munthu wodikira. Anayamba. Anati Dingani anali ndi mawu aakulu, osalala ngati a muulutsi wa pa wailesi, oti holo yonse inagwedezeka. Anati anamukweza mwanayo mmwamba nanena mosadodoma kuti uyu ndiye chuma changa, uyu adzafika kutali, adzakwera ndege.

"Ba Sakala," anatero Mainess, osakweza mawu. "Amuna anga anali na chibwibwi."

Analoza Taonga, napitiriza.

"Zina la uyu analiyamba katatu. Ta, Ta, Ta. Anthu anayamba kuseka, ba Chrispin ndiye anaseka maningi. Koma sanaleke. Anaimirira pamene paja, thukuta thoo, mpaka analimaliza. Ndiye vamene nenze kufuna kuti aone. Ivo va ndeke sungani."

Taonga anadzuka napita kuseri kwa nyumba. Mmodzi wa atsikana ovina anamutsatira.

Whyson anati adzajambula ukwati wa Taonga ulere, makamera awiri, ndi kandege kojambula kuchokera mmwamba. Mainess anati mphwake wa mkwati ali ndi foni yabwino. Whyson anati abweza ndalama kuwirikiza kakhumi, kapena agule keke, kapena alipire holo. Mainess anapukusa mutu. Anati iye sanabwere kudzapempha thandizo kwa munthu, ndipo sakufuna kuti mawa ku Kanyama kumveke kuti Whyson Sakala ndiye anakwatitsa mwana wa Dingani. Chikwangwani chinati ndalama zanu zibwerera. Iye akufuna zake, zimene anapereka, osawonjezera ngakhale ngwee.

Onse awiri ankazikumbukira. Nthawi imeneyo zinali K450,000. Mainess anazisonkhanitsa m'chilimba, kagulu kosonkherana ndalama ka amayi a pamsika, kuyambira dzinja mpaka chilimwe, ndipo anazibweretsa ku shopu zitamangidwa pa nsonga ya chitenje, mtolo wonenepa wonunkha kapenta. Koma pakati apa kwacha inachotsedwa maziro atatu, ndipo mitengo ya zinthu inakwera osayang'ana m'mbuyo. Whyson anatulutsa chikwama chake chachikopa cha ku Joni. Sanafunikire n'kuchitsegula chonse. Anasolola mapepala anayi a handiredi ndi limodzi la fifite, ndalama zimene iye amathira mafuta m'galimoto popanda kuziganizira, nazipereka ndi manja awiri.

Mainess anaziwerenga pa bondo, pang'onopang'ono, monga amawerengera za kapenta. Kenaka anaitana mmodzi wa anyamata ovina namuuza kuti achotse nsalu ija pa chingwe isanade ndi fumbi, aipinde, ikhala mphatso ya akwati. Anamanga ndalamazo pa nsonga ya chitenje. Mfundo yake inali yaing'ono ngati njere ya nyemba.

"Zakwana," anatero. "Folo fifite. Mungayende, ba Sakala, mulibe nkhongole na ine."